Chaka cha Timu Yaing'ono ya Mpira ku Malire a Mwanza



Loweruka ndi Lamulungu madzulo, pamene zotsatira za mpira wamiyendo zikuwerengedwa pa wailesi, ambiri a ife timatchera khutu kuti timve za Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers. Maina amenewa akangotha kutchulidwa, timatsitsa mawu a wailesi n'kukasamba m'manja kuti tidye nsima. Koma kumapeto kwa mndandanda uja kumakhala maina ena, a matimu a m'maboma, amene mwina sitidawaonepo akusewera. Lero tiyambira kumapeto kumeneko. Tifuna tifotokoze m'mene timu yaing'ono, yosewera m'ligi ya m'munsi, imayendera chaka chonse cha masewero, ndiponso chifukwa chake matimu ena otere amayamba chaka ndi nthungululu koma osafika nacho kumapeto. Kuti nkhani yathu ikhale ndi pogwira, tiyeni tikakhale ku Mwanza, ku malire a dziko lathu ndi Mozambique.

Boma la Mwanza lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera mu mzinda wa Blantyre. Munthu akachoka mu mzindamo amadzera ku Lunzu ndi ku Lirangwe, n'kuwoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa, pamene msewu wa ku Mwanza umapatukira kumadzulo. Msewu womwewo ukadutsa pa boma umakafika ku chipata cha malire, kutsidya kwake ndi ku Zóbue, ndipo umapitirira ku Tete mpaka ku Zimbabwe. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 adapeza kuti bomali lili ndi anthu opitirira 130,000. Lidali lalikulu kuposa m'mene liliri lero, koma m'chaka cha 2003 dera la Neno lidapatulidwa n'kukhala boma palokha. Ambiri a inu mumalidziwa boma la Mwanza chifukwa cha manachesi ake. Pa nkhani yathu ya lero, chimene ndikupempha kuti mugwiritse ndi ichi: timu ya ku Mwanza ili kumapeto kwa msewu. Ikafuna kukasewera ku Blantyre, ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Chikwawa, msewu wa phula umaitengera kaye ku Zalewa.

Tsopano tione makwerero a mpira wa dziko lino. Bungwe loyang'anira mpira wamiyendo, la Football Association of Malawi, kapena kuti FAM mwachidule, lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1966. Ligi yaikulu ya dziko lonse, imene tidaizolowera ndi dzina lakuti Super League, idayamba m'chaka cha 1986, ndipo m'zaka zapitazi yakhala ndi matimu 16. Chaka chikatha, matimu atatu a pansi penipeni amatsika. Kwa zaka zambiri malo awo ankatengedwa ndi akatswiri a maligi a m'zigawo zitatu, cha kumwera, cha pakati ndi cha kumpoto. M'chaka cha 2025 padawonjezedwa khwerero lina pakati pa ligi yaikulu ndi zigawo, lotchedwa National Division League, kotero kuti mtunda wokafika pamwamba udatalikirapo. Pansi pa maligi a m'zigawo pali maligi a m'maboma. Choncho timu yoyambira pa bwalo la sukulu kwa Kanduku kapena kwa Nthache iyenera kupambana m'boma, n'kupambana m'chigawo, n'kupambananso m'ligi yapakati ija, isanaone chipata cha ligi yaikulu. Khwerero lililonse limadya chaka chathunthu, zinthu zikayenda bwino.

Tisanapitirire, tiyeni tichite masamu pang'ono monga m'kalasi. Tiyerekeze kuti ligi ili ndi matimu 16. Timu iliyonse ikumana ndi inzake 15, kawirikawiri: kamodzi pakhomo pake, kamodzi koyenda. Amenewo ndi masewero 30 pa chaka. Yopambana imalandira mapointi 3, zikafanana mphamvu iliyonse imatenga pointi imodzi, yogonja imabwerera chimanjamanja. Kale yopambana inkalandira mapointi 2 okha. Dongosolo la mapointi 3 lidayambira ku England m'chaka cha 1981, ndipo lidafalikira ponseponse litagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse lapansi wa 1994. Kusiyana kwake n'kotere. Timu yofanana mphamvu m'masewero 6 otsatizana imapeza mapointi 6. Ina yopambana 3 n'kugonja 3 imapeza 9. Mwa dongosolo lakale zonse ziwiri zikadakhala ndi 6. Ndiye kuti masiku ano timu yongotchinga golo, yokhutira ndi kusagonja, imatsalira m'mbuyo pang'onopang'ono osadziwa. Matimu awiri akafanana mapointi pakutha pa chaka, maligi ambiri amawerenga zigoli zimene timu idagoletsa n'kuchotsapo zimene idagoletsedwa. N'chifukwa chake kugonja ndi zigoli 5 m'mwezi wa Meyi kumatha kudzapweteka timu m'mwezi wa Disembala.

Kuno kwathu chaka cha mpira chimayamba mvula ikamatha, cha m'mwezi wa Epulo, n'kutha mvula ina itagwa kale. Koma kwa akuluakulu a timu ntchito imayamba mluzu woyamba usanalire. Ayenera kupereka ndalama zolembetsera timu ku bungwe loyendetsa ligi. Ayenera kulembetsa wosewera aliyense, dzina lake, tsiku lake lobadwa ndi chithunzi chake. Chiyambire m'chaka cha 2017, pamene boma lidalemba anthu m'dziko lonse kuti alandire ziphaso za unzika, ntchito yotsimikiza zaka za wosewera idapepukirako. Ayeneranso kupeza yunifolomu, mipira, maukonde a m'golo ndi nsapato. Zonsezi zimafunika pa nyengo imene chimanga chikadali m'munda, pamene m'matumba a anthu ambiri a kumudzi muli mbee.

Pa nkhani yolembetsa osewerayi, boma la m'malire lili ndi msampha wake. Mudzi wa tsidya lino ndi mudzi wa tsidya ilo amamvana chinenero, amakwatirana, amaika maliro limodzi. Mnyamata wa ku Zóbue akhoza kukhala mphwake wa mphunzitsi wa timu ya ku Mwanza, ndipo kwa ife si mlendo ayi. Koma malamulo a mpira sayang'ana ubale. Lamulo la FIFA, bungwe la mpira la dziko lonse lapansi, likuti wosewera amene adalembetsedwa pansi pa bungwe la mpira la dziko lina sangalembetsedwe kuno mpaka bungwe la kwawolo litatumiza chikalata chomumasula, chimene a mpira amachitchula kuti ITC. Choncho ngati mnyamata uja adalembetsedwapo ku timu ya ku Mozambique, chikalatacho chiyenera kuchokera ku bungwe la mpira la dzikolo kudza ku FAM. Timu ikamuseweretsa popanda chikalata, ndiye kuti yaseweretsa munthu wosaloledwa, ndipo inzake ikadandaula, mapointi amene idawakhetsera thukuta amalandidwa ndi cholembera. Mlembi wa timu wosasamala mapepala amaluzitsa masewero ambiri kuposa goloboyi wa manja oterera.

Ligi ikayamba, m'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi, zinthu zimaoneka ngati zikuyenda. Anthu akolola, manachesi apsa, malole a katundu ali mdipiti pa msewu wa ku malire, ndipo ndalama ikuzungulira pa boma. Iyi ndiyo nyengo imene wamalonda amatha kugulira anyamata zakumwa ndi mabanzi akapambana. Koma tisaiwale kuti osewera a m'ligi ya m'munsi ambiri alibe malipiro a pa mwezi. Wina ndi wa kabaza, wina amasenza katundu pa malire, wina amagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, wina ali pa sukulu ya sekondale. Wa kabaza akapita kokonzekera masewero madzulo, ndiye kuti waimika njinga pa nthawi imene anthu akuweruka ku ntchito ndi kumsika. Akapita koyenda Loweruka, tsiku lonselo sapeza kanthu. Mkazi wake akamufunsa za ndiwo, sangamuyankhe ndi mapointi atatu. Mukadzaona mnyamata wotere akuthamanga mphindi 90, dziwani kuti walipira kale kuti asewere.

Nanga ndalama zoyendetsera timu zimachokera kuti? Magwero ake ndi atatu: za pa chipata, zosonkha ochemerera, ndi thumba la munthu mmodzi wokonda mpira amene timu yonse imatsamira pa iye. Za pa chipata zimapezeka pokhapokha bwalo litakhala ndi mpanda. Pa bwalo la sukulu, pamene njira ya ku chigayo imadutsa pakona, palibe amene angauzidwe kuti alipire. Ndipo zikapezeka ndalamazo, si zonse zolowa m'thumba la timu, pakuti pali oyimbira mpira, pali achitetezo, pali eni bwalo. Gwero lachitatu ndilo loopsa kwambiri. Munthu uja akasamutsidwa pa ntchito, malonda ake akagwa, kapena ngati adali wandale ndipo chisankho chadutsa, timu imagwa naye tsiku lomwelo. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo mawuwa amakwanira bwino pa matimu athu aang'ono.

Tsopano tifike pa chimene chimathyola msana matimu ambiri, ndicho ulendo. Tibwerere ku masamu athu aja. Mwa masewero 30, okwana 15 ndi oyenda. Tiyerekeze kuti onsewo akuchitikira ku Blantyre, kumene ndi kufupi poyerekeza ndi kwina. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 200. Tikachulukitsa ndi 15 tipeza makilomita 3,000 pa chaka. Koma si onse amene ali ku Blantyre. Ulendo wa ku Mulanje kapena wa ku Nchalo umadutsa mu mzindamo n'kupitirira. Pa ulendo uliwonse pamafunika galimoto yonyamula osewera 11, anzawo olowa m'malo, mphunzitsi ndi akuluakulu a timu, ndiye kuti anthu 20 kapena kuposerapo, ndipo onsewa ayenera kudya. Timu ya mu mzinda, imene anzake ambiri ali m'matauni oyandikana nayo, imakwera minibasi kwa theka la ola n'kufika. Ya ku Mwanza imanyamuka m'mamawa, kufika miyendo itauma, kusewera, n'kubwerera usiku chifukwa ndalama yogonera palibe. Pa ndandanda wa ligi matimu awiriwa amaoneka ofanana, koma katundu amene asenza ndi wosiyana.

Mtengo wa ulendo sukhala pamodzi chaka chonse. Mukukumbukira kuti m'mwezi wa Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya mafuta a galimoto idakwera nthawi yomweyo. Timu imene idawerengera ndalama zake za ulendo m'mwezi wa Epulo idapeza kuti sizikukwananso, chaka cha mpira chili pafupi kutha. Zikafika potere, akuluakulu a timu amayamba kuchepetsa anthu. Amasiya olowa m'malo, n'kupita ndi osewera 12 kapena 13. Wina akavulala, wina akapatsidwa kadi yofiira, timu imatsala yoperewera. Lamulo la mpira likuti masewero sangayambe kapena kupitirira ngati timu ili ndi osewera ochepera 7. Tsiku lina galimoto imalephera kupezeka, timu osafika pa bwalo. Pamenepo mapointi amaperekedwa kwa inzake osatuluka thukuta, chindapusa chimabwera pamwamba, ndipo zikachitika kangapo timu imachotsedwa m'ligi. Umu ndi m'mene matimu ambiri aang'ono amafera. Sagonjetsedwa ndi anzawo pa bwalo, amangolephera kufikako.

Ndime yachiwiri ya ligi imagwa m'nyengo yotentha. Mabwalo amauma gwa, udzu umatha, ndipo wogwa pansi amadzuka ndi zilonda. Wopita kukasewera ku chigwa cha Shire m'mwezi wa Okutobala amakumana ndi dzuwa limene sadalizolowere kumapiri a kwawo. Makadi achikasu amene osewera akhala akutola chiyambire Epulo amayamba kukwana, ndipo wina amaletsedwa kusewera pa tsiku lomwe akufunika kwambiri. Iyinso ndiyo nyengo imene mitima imatentha. Ochemerera akaona kuti timu yawo ikutsetsereka, amatula mkwiyo wawo pa woyimbira mpira. Ndikupempheni, abale anga, muganize kawiri musanatole mwala. Woyimbira akamenyedwa, chilango chimagwera timu: chindapusa, kulandidwa mapointi, mwinanso kutsekedwa kwa bwalo, kotero kuti ngakhale masewero a pakhomo amasanduka oyenda. Mwala umodzi ukhoza kuwonjezera makilomita 200 pa ulendo wa anyamata anu omwe.

Pali chinanso chimene chimachitika timu ikamachita bwino. Mbiri ya mnyamata wogoletsa zigoli imafika ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo matimu akuluakulu amabwera kudzamutenga. Izi si zoipa, pakuti palibe kholo limene lingaletse mwana wake kupita patsogolo. Choipa ndi chakuti nthawi zambiri timu yomulera imatsala ndi mipira iwiri ndi mawu akuti zikomo. Pano pali lamulo lina la FIFA limene akuluakulu a matimu aang'ono ayenera kulidziwa. Wosewera akagulitsidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku timu ya dziko linanso, gawo la 5 pa 100 iliyonse ya ndalamazo limagawidwa kwa matimu amene adamuphunzitsa mpira kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Ndiye kuti mnyamata amene adasewera zaka zitatu ku Mwanza, akadzagulidwa ndi timu ya ku South Africa, timu ya kwawo ili ndi gawo lake. Koma gawolo limapita kwa timu imene ili ndi umboni wakuti idamulembetsa m'zaka zimenezo. Apanso mukuona kuti kaundula wosungidwa bwino ndi chuma.

Pakati pa mavuto onsewa pamakhala masiku ena achimwemwe, makamaka m'mipikisano ya zikho, mmene wogonja amatulukiratu. Chikho cha Castel Challenge, chimene chidayamba m'chaka cha 2023, chidatsekula khomo kuti matimu ayambire m'maboma, ndipo opambana azikwera mpaka kukakumana ndi a m'ligi yaikulu. Tsiku limene timu yaing'ono ikumana ndi timu imene anthu amangoimvera pa wailesi, bwalo limadzaza, ndipo za pa chipata za tsiku limodzilo zikhoza kulipira maulendo angapo. Komabe mtsogoleri wanzeru amakumbukira kuti chikho ndi mlendo wa tsiku limodzi, pamene ligi ndiyo nsima ya masiku onse.

Mvula yoyamba ikagwa, chaka chimakhala chikupita kumapeto. Osewera ndi ochemerera omwe ali kumunda kukadzala, mabwalo asanduka matope, ndipo masewero ena amaimitsidwa n'kubwerezedwa pakati pa sabata. Apa ndipo mapointi aja amawerengedwa komaliza. Tiyerekeze tsono kuti timu yathu yapirira zonsezi, yakwera makwerero onse, yafika m'ligi yaikulu. Kodi mavuto atha? Walira mvula walira matope. Timu yolowa m'ligi yaikulu iyenera kulandira chilolezo cha FAM, ndipo mwa zofunika zake pali bwalo lovomerezeka ndi dongosolo looneka la kayendetsedwe ka chuma. Maulendo nawo amatalika mpaka ku Mzuzu ndi ku Karonga. Tili ndi zitsanzo. Timu ya Chitipa United, yochokera ku boma lina la m'malire, idalowa m'ligi yaikulu m'chaka cha 2017, idatsika chaka chomwecho, ndipo itabwereranso idakhala ikusewerera masewero ake a pakhomo ku bwalo la Karonga, boma lina, chifukwa kwawo kudalibe bwalo lovomerezeka. M'chaka cha 2024 timu ya FOMO ya ku Mulanje ndi ya Baka City ya ku Karonga zidalowa m'ligi yaikulu, ndipo zonse ziwiri zidatsika pakutha pa chaka chomwecho. Kukwera n'kovuta, koma kukhazikika pamwamba n'kovuta koposa.

Pa nkhani ya bwaloyi anthu a ku Mwanza ali ndi poyambira. Pa boma padamangidwa bwalo la zamasewero la mpanda, limene m'chaka cha 2025 lidapatsidwa dzina la malemu Joyce Chitsulo, amene adali phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera la kumadzulo kwa Mwanza. Mpanda umenewo ndiwo umasandutsa gulu la oonerera kukhala mafuta a galimoto. Koma mpanda pawokha sulipira kanthu ngati theka la anthu likuonera lili m'mitengo, ndipo ena akulowa ulere chifukwa wa pa chipata ndi mlamu wawo.

Omvera anga, mawu amene ndikufuna mutsale nawo ndi awa. Chaka cha timu yaing'ono chimaoneka ngati chimathera pa bwalo, koma mbali yaikulu imathera pa msewu, m'kaundula wa mlembi ndi m'buku la msungichuma. Ngati muli m'komiti ya timu, werengani maulendo onse 15 chaka chisanayambe, ndipo musungire ndime yachiwiri pa nthawi ya zokolola. Lembani ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, n'kuiwerenga poyera pamaso pa ochemerera, pakuti anthu amasonkha mosanyinyirika akamaona kumene ndalama yawo yapita. Ngati ndinu wochemerera, lowerani pa chipata. Ngati ndinu wamalonda, ndi bwino kulonjeza mafuta a ulendo umodzi n'kukwaniritsa, kusiyana ndi kulonjeza chaka chonse n'kusowa m'mwezi wa Ogasiti. Amalonda 15, aliyense ulendo wake umodzi, ndiye kuti chaka chatheka.

Timanyadira kuti timu ya dziko lathu, Flames, idatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa m'zaka za 1978, 1979 ndi 1988, ndiponso kuti idakafika ku ndime yomaliza ya chikho cha maiko a mu Africa m'chaka cha 1984, cha 2010 ndi pa mpikisano umene udachitikira ku Cameroon kumayambiriro kwa 2022. Koma mwa anyamata onse amene adavala malaya a Malaŵi palibe amene adabadwira pa bwalo la Kamuzu. Ambiri adayambira pa bwalo la fumbi, ndipo padali munthu wina amene adawalipirira ulendo wawo woyamba. Loweruka likudzali, zotsatira zikamawerengedwa, musatsitse msanga mawu a wailesi. Dikirani mumve maina a kumapeto aja, ndipo mukamva kuti timu ya ku Mwanza yasewera koyenda, kaya yapambana kaya yagonja, dziwani kuti yafika ndipo yabwerera.